Kujambula mkati mwa nyumba zakale za m'minda ya tiyi ku Thyolo

Msewu wochoka ku Limbe kudzera pa Bvumbwe kulowera kwa Thyolo umadutsa m'dera limene lili ndi nyumba zambiri za nthawi ya atsamunda. Zina zidakonzedwanso, monga Huntingdon House ya pa esiteti ya Satemwa, yomwe lero imalandira alendo. Koma zina, monga nyumba za mabwana, mosungira katundu ndi malayini a antchito, zidasiyidwa ndipo zikusanduka mabwinja. Kujambula zithunzi mkati mwa nyumba zoterezi ndi njira imodzi yosungira mbiri chiswe ndi mvula zisanamalize ntchito yake.

Tiyi adayamba kulimidwa ku Mulanje m'zaka za m'ma 1890, kenaka adafika ku Thyolo chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Maclean Kay adayambitsa Satemwa mu 1923. Minda yambiri m'derali idakula ndi thukuta la thangata, dongosolo limene linkakakamiza anthu okhala pamalo a azungu kugwira ntchito m'malo molipira lendi. Mkwiyo wa anthu pa nkhani ya malo udabuka poyera m'zipolowe za ku Thyolo mu 1953. N'chifukwa chake wojambula wosamala sathera pa khonde lalikulu ndi chumuni cha nyumba ya bwana. Amalowanso m'tizipinda ta antchito, momwe mwaye wa pakhoma ndiwo umboni wotsala wa mabanja amene ankaphikamo.

Chimene chimachititsa nthumanzi pa zithunzi zotere ndi kuwala kochepa. Kuwala kolowera pazenera losweka kapena pabowo la malata kumaonetsa ming'alu, ndere ndi fumbi, pamene nyali ya kamera imafafaniza mithunzi yonse. Popeza mkati mumakhala mdima, kamera imayenera kutsegula diso lake kwa masekondi angapo, choncho imaikidwa pa choimikira cha miyendo itatu kuti isagwedezeke. Masiku a chiperoni, makamaka mu Juni ndi Julayi, nkhungu imafewetsa kuwala ndipo zinthu za mumthunzi zimaoneka bwino. Lamulo la ntchitoyi ndi losasuntha kanthu: mpando wothyoka ujambulidwe pomwe wapezeka.

Nyumba yopanda anthu si nyumba yopanda mwini. Maesiteti ndi malo a eni ake, ndipo kulowamo popanda chilolezo ndi mlandu. Komanso lamulo la Monuments and Relics Act limateteza nyumba ndi zinthu za mbiri yakale zimene boma lidazivomereza. Ngozi nazo ndi zenizeni: matabwa ofumbwa, denga lolendewera, njuchi, njoka ndi fumbi la ndowe za mileme lomwe limatha kudwalitsa mapapo. Nkoyenera kupita awiri, kuvala nsapato zolimba ndi chotchinga pamphuno.

Chithunzi chimakhala ndi phindu chikalembedwa malo, tsiku ndi ntchito imene nyumbayo inkagwira. Ofuna kufananiza ndi zithunzi zakale angapite ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House mu mzinda wa Blantyre, nyumba imene idamangidwa mu 1882.