Kamawu kakuti for ndi zaka 140 za Chingerezi ku Karonga

Patchuthi chapitachi mng'ono wanga, yemwe wangolemba kumene mayeso a MSCE, anandipempha kuti ndimuwerengere kalata yofunsira ntchito pa sitolo ina pa boma la Karonga. Chiganizo choyamba chinali chakuti "I write to request for a job." Ndinatenga cholembera n'kudula for uja. Iye anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Achimwene, nanga bwanji pamwamba pa makalata timalemba kuti request for employment, aphunzitsi osadula?" Ndinamuuza kuti pamwambapo request ndi dzina, pomwe m'chiganizo chakecho ndi mneni, ndipo mneniyu safuna mperekezi. Anafunsanso kuti chifukwa chiyani. Yankho linandisowa, ngakhale ndili chaka chachitatu ku yunivesite.

Chifukwa chomveka palibedi. Azungu amati talk about koma discuss yekha, amati ask for koma request yekha, arrive at koma reach yekha, consist of koma comprise yekha. Aneni awiri a tanthauzo limodzi, wina akuyenda ndi mperekezi, wina ayi. Mwana wa ku London sawerenga lamulo lililonse, amangozimva kuyambira ali pamsana. Ife timaloweza.

Tikamaloweza timakhala tili kale ndi njira yathu. M'zilankhulo zathu ntchito yambiri imene Chingerezi chimapatsa aperekezi imagwiridwa ndi mneni mwini wake. Phika amasanduka phikira, gula amasanduka gulira, basi tanena kale zomwe Mzungu akufunira for. Chitumbuka chimachita chimodzimodzi, ndipo Kyangonde chili ndi mphatikiri wake -il- kapena -el- wa ntchito yomweyo. Pa malo tili ndi pa, ku ndi mu, atatu okha, pomwe Chingerezi chili ndi at, on, in, to, from, into ndi ena. Timati "ndikupita ku Songwe" komanso "ndikuchokera ku Songwe". Ku ndi yemweyo, amene akusonyeza kolowera ndi mneni. Tikamati "tikambirane za ndalama", za uja amafuna malo ake m'Chingerezi, ndiye discuss about amabadwa. Borrow me nayenso ndi "ndibwereke" atavala suti. Amene amalankhula chonchi sikuti alibe galamala m'mutu. Ali ndi magalamala awiri kapena atatu, ndipo onse akulankhula nthawi imodzi.

Chomwe chimandisangalatsa n'chakuti nkhondo ya timawu iyi ili ndi mbiri, ndipo Karonga ali pakati pake. M'chaka cha 1884 kampani ya African Lakes inatsegula sitolo pa Karonga, poyambira msewu wa Stevenson wolowera ku nyanja ya Tanganyika. Nthawi imeneyo chilankhulo cha malonda kuno chinali Chiswahili, cha Mlozi ndi anzake. Nkhondo ya kampaniyo ndi Mlozi inayamba mu 1887, ndipo inathera mu Disembala 1895 pamene asilikali a Harry Johnston anagumula linga lake n'kumupachika. Kuyambira pamenepo zolembedwa za boma, za sitolo ndi za khoti zinali m'Chingerezi, ndipo panafunika anthu oti azilemba.

Anthuwo anachokera ku mishoni ya Livingstonia. Mishoniyi inayambira ku Cape Maclear mu 1875, inasamukira ku Bandawe mu 1881, kenaka mu 1894 Dr Robert Laws anakhazikitsa likulu pa Khondowe ndi sukulu yomwe inadzatchedwa Overtoun Institution. Kwa Angonde, Dr David Kerr-Cross anatsegula mishoni pa Ngerenge mu 1891. M'sukulu za m'midzi ana ankaphunzira kuwerenga m'chilankhulo chawo, ndipo Chingerezi chozama chinali cha ochepa amene akwera phiri kupita ku Khondowe. Amenewa ndiwo anadzakhala aphunzitsi, abusa, makalaliki, otumiza matelegalamu ndi osunga masitolo, kuno komanso ku Tanganyika, ku Northern Rhodesia, ku Katanga ndi ku Joni.

Taganizirani mmene ankachiphunzirira. Panalibe wailesi, panalibe kanema. Panali Baibulo, mabuku a galamala ndi aphunzitsi ochepa a ku Scotland. Chingerezi chinalowa kuno kudzera papepala, ngati chilankhulo cha kalata ndi lipoti. N'chifukwa chake, ndikuganiza, mpaka lero timakonda aneni olemera monga request, discuss, emphasise ndi comprise, omwe Mzungu pocheza sawatchula kawirikawiri. Ndipo ndi aneni omwewa amene timawamata mperekezi wosafunika, chifukwa m'mutu tikumva ask for, talk about ndi consist of.

Mu 1912 ophunzira a ku Livingstonia anakhazikitsa North Nyasa Native Association pa Karonga pompano, bungwe loyamba la mtundu umenewu m'Nyasaland, ndipo Levi Mumba anali mlembi wake. Chida chawo chinali maminitsi a misonkhano ndi makalata a madandaulo opita kwa bwanamkubwa ku Zomba, zonse m'Chingerezi. Munthu wodandaula kwa boma lomwe likumuona ngati mwana sakanalola kuti kalata yake isekedwe chifukwa cha to kapena for. Kwa m'badwo umenewo Chingerezi chosalala chinali umboni wakuti akuyenera kumvedwa. Clements Kadalie, wophunzira wina wa ku Livingstonia, anapita nacho ku Cape Town komwe anayambitsa bungwe la apantchito la ICU mu 1919. Legson Kayira, wa kumapiri a Nthalire, anayamba ulendo wapansi mu 1958 mpaka anakafika ku Khartoum, ndipo mu 1965 anatulutsa buku lake I Will Try ali ku America. Mbiri yoti "akumpoto ndi a Chingerezi" inachokera mwa anthu ngati amenewa, ndipo ife adzukulu timaisenza ngati katundu.

Kenaka kunabwera 1968. Msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party unagamula kuti Chichewa chikhale chilankhulo cha fuko, Chingerezi chikhale cha boma, ndipo Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu. Mwana wa ku Mpata kapena ku Kaporo tsopano ankalankhula Kyangonde kunyumba, Chitumbuka kumsika, Chichewa m'kalasi, kenaka Chingerezi kuyambira Sitandade 5. Kamuzu mwini wake ankalankhula Chingerezi pa misonkhano, womasulira ataima pambali, ndipo mu 1981 anatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama, komwe ana ankaphunzira Chilatini ndi Chigiriki kwa aphunzitsi ochokera ku Britain. Mulingo unali Chingerezi cha ku England. Kwa ena tonse mulingowo unkatipeza pa mayeso: mpata pakati pa chiganizo, mayankho anayi, sankhani mperekezi woyenera. Mpaka lero ungakhoze masamu ndi sayansi bwanji, ukalephera Chingerezi satifiketi ya MSCE palibe, ndipo yunivesite imafuna kirediti.

Mu 1994 maphunziro a pulayimale atakhala aulere, chiwerengero cha ana chinalumpha kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa 3 miliyoni ndi kupitirira, ndipo boma linalemba aphunzitsi zikwizikwi osadutsa ku koleji. Sindikuwanyoza, ambiri a ife tinaphunzitsidwa ndi iwowa pansi pa mitengo. Koma mphunzitsi amapereka chimene ali nacho. Amene anakula akumva cope up with ndi emphasise on adzazilemba pa bolodi, mwana adzazimvanso pa wailesi ndi ku tchalitchi, adzaziwerenga m'kalata za ku ofesi. Pofika pamenepo si cholakwa cha munthu mmodzi ayi, ndi mmene dziko limalankhulira. Lamulo la maphunziro la 2013 linati Chingerezi chikhale chophunzitsira kuyambira Sitandade 1, koma lamulo silisintha Chingerezi chimene chili m'kamwa mwa mphunzitsi.

Si ife tokha. Discuss about amamveka ku India, ku Nigeria, ku Kenya ndi ku Singapore. Edgar Schneider, m'buku lake Postcolonial English la 2007, anaonetsa kuti m'maiko omwe anali pansi pa Britain Chingerezi chimayamba kusintha pamalo pomwepa, pamene mneni akukumana ndi mawu omutsatira. Eni akewo sagwirizananso. Waku America amati write me ndi on the weekend, waku Britain amati write to me ndi at the weekend, ndipo palibe amene amalepheretsa mnzake mayeso. Kusiyana n'kwakuti America ali ndi madikishonale ake, pomwe ife ochonga mayeso athu amatsegulabe Oxford.

Maganizo anga ndi akuti tizisiyanitsa. Pali aperekezi osintha tanthauzo: look for, look after ndi look at ndi zinthu zitatu, ndipo namwino amene wasokoneza zimenezi atha kuvulaza wodwala. Borrow ndi lend akasokonezeka papepala la ngongole, mlandu ukafika kukhoti. Amenewa aphunzitsidwe mwamphamvu, mneni ndi mperekezi wake limodzi ngati mawu amodzi, ndipo mphunzitsi asaope kuyamba ndi phikira kuti afike pa cook for. Koma discuss about sanasocheretsepo munthu. Kumuchotsera mwana malikisi pa chimenecho ndi kumulanga chifukwa cholankhula ngati nduna imene waimva pa nkhani za m'mawa.

Ngakhale ndikunena chonchi, for wa mng'ono wanga ndinamudulabe, chifukwa wowerenga kalatayo anadutsa m'mayeso omwewo ndipo ntchito ndi imodzi. Titafika kumapeto tinapeza "I look forward to hear from you." Ndinayamba kufotokoza kuti to ameneyu ndi mperekezi, choncho mneni wotsatira akhale hearing. Anandilanda cholembera n'kunena kuti angolemba "Thank you."