Thangata ndi Ngalande za Kwathu

Kalekale mawu akuti thangata ankatanthauza kuthandizana. Munthu akafulula mowa wa dima, anansi ankabwera ndi makasu kudzamulimira, tsiku lina iyenso n’kukalimira mnzake.

Atsamunda atalanda malo ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu, anawapotoza mawuwa. Okhala m’maesiteti ankagwira ntchito mokakamizidwa m’malo mwa lendi, minda yawo ikumera tchire. Nkhanza za pa esiteti ya Bruce ku Magomero ndi zina mwa zimene zinachititsa John Chilembwe kuukira mu 1915.

Ufulu utabwera, boma la a Kamuzu Banda linakhazikitsa Youth Week. Achinyamata ankaumba njerwa, kulambula misewu ndi kukonza milatho. Ntchito inkaoneka ndithu, koma panalibe wolimba mtima kukana. Ulamuliro wa chipani chimodzi utatha mu 1994, sabatayo inathera pomwepo. Kenako MASAF inayamba kulipira okonza misewu, anthu n’kuzolowera kuti khasu la chitukuko limabwera ndi malipiro.

Ndili m’komiti ya anthu odzipereka yosamalira dera lathu, ndipo mbiri imeneyi ndimakumana nayo dzinja lililonse likamayandikira. Tikamema anthu kukatapa zinyalala m’ngalande, ena amafunsa kuti alandira zingati, ena amati thangata inatha. Sindiwatcha aulesi, chifukwa makolo awo anakhetsera thukuta eni maesiteti.

Amabwera akasankha okha ntchitoyo, akaona wapampando wagwira fosholo, komanso zopereka zikawerengedwa poyera. Zikapanda kutero, ngalande zimatsekeka, madzi amalowa m’nyumba, kolera n’kutipeza tonse.