Kachipangizo kothandiza kumva: chifukwa chake sitibwerekana

Kachipangizo kovala m'khutu, kamene pa Chipwitikizi amati aparelho auditivo, sikagulidwa pamsika ngati mabatire a wailesi. Kamakonzedwa motengera khutu la mwiniwake.

Kuchipatala amayamba aunika m'khutu, poti nthawi zina vuto limangokhala phula kapena mafinya. Kenako amayeza mawu amene mukumva ndi amene akukudutsani. Ogwira ntchito m'chigayo nthawi zambiri amayamba kusamva mawu okwera, onga kulira kwa mbalame. Phokoso loposa madesibelo 85 kwa maola 8 tsiku lililonse limawononga khutu pang'onopang'ono, ndipo khutu likawonongeka motero silibwereranso mwakale.

Akatero amathira m'khutu mankhwala ofewa ngati phala, omwe amalimba pa mphindi zochepa, n'kuumba chotsekera chokwana khutu lanu ndendende. Pakompyuta amakweza mawu okhawo amene mukuwasowa. Chotsekera chokhwepa chimalira ngati likhweru, ndipo cha mwana chimafunika kusinthidwa akamakula.

Yambani kuchipatala chathu cha Milange. Tsidya lina la Muloza, chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre chili ndi gawo loyeza makutu.