Mamangidwe a Nyumba ku Mbamba Bay

M'masiku amene Angoni a ku Songea anali kuthira nkhondo m'mphepete mwa nyanja, makolo anamanga mothithikana m'malinga, nyumba iliyonse yofanana ndi inzake, pakuti wamantha alibe nthawi yokometsera khomo. Ndiponso, popeza mutu umodzi susenza denga, iwo amene anathandizana kuzika nsichi ndi kumanga phaso anatsata luso limodzi. Atakhazikika amishoni a UMCA ku Liuli, kumene mmodzi wa iwo, William Percival Johnson, anamwalira mu 1928, aphunzitsi anatengera nyumba za ngodya zinayi zamazenera, anansi nawatsanzira, kufikira midzi ya Ujamaa ya m'ma 1970 inazindandalika m'mizere. Kutsanzirako ine sindikuyesa ulesi, chifukwa mmisiri weniweni ankadziwika pofolera, udzu wake wosadontha ngakhale pa mvula ya mu Malichi.