Dzanja Logwirira ndi Dzanja Lotolera

Anthu 9 mwa 10 alionse amadalira dzanja lamanja, ndipo ambirife nkhani timaithera pomwepo: uyu ndi wamanja, uyo ndi wamanzere. Akatswiri a kayendedwe ka thupi sakhutira ndi mawu awiriwa. Iwo amalekanitsa dzanja limene munthu amalikonda ndi dzanja limene lili ndi luso pa ntchito inayake. Mafunso amene R. C. Oldfield anakonza ku Edinburgh mu 1971 amafunsa dzanja lolembera, loponyera, logwirira supuni, tsache ndi machesi. Ndi othandiza ndithu, koma safunsa ngati munthuyo wakhala pansi, waima, kapena akudzandira. Kwa ine, mpata umenewo ndi waukulu.

Thupi limayamba ladziteteza kuti lisagwe, kenako nkupereka dzanja lotsala kuti ligwire ntchito. Nchifukwa chake pali mawu akuti dzanja lochirikiza. Yves Guiard anafotokoza mu 1987 kuti dzanja limene timaliyesa lofooka ndi limene limatsogola, kukhazika chinthu kuti linzake lipeze poyambira. Taonani mayi akuvundula nsima: lamanzere lapanikiza poto ndi kansanza, mapazi atangadza, msana wawerama, ndipo apo mpamene mthiko umayenda. Lamanzere likangolekerera, luso la lamanja latha.

Chaka chomwecho Peter MacNeilage ndi anzake awiri anati zonsezi zinayambira m'mitengo: anyani akalekale ankakangamira nthambi ndi lamanja nkumatola chakudya ndi lamanzere, ndipo atatsikira pansi, lamanja lamphamvu lija linasanduka laluso. Ganizoli ena amalitsutsa mpaka lero, koma linadzutsa funso labwino. William Hopkins, poyesa anyani a chimpanzi ku Atlanta, anapeza kuti akaimirira ndi miyendo iwiri amatola ndi lamanja kwambiri kusiyana ndi pamene ali chokwawa. Mu 2015 gulu la Andrey Giljov linaona kuti makangaru akuluakulu a ku Australia, oima ndi miyendo iwiri, amakonda lamanzere, pamene achibale awo a m'mitengo sakondera mbali.

Palinso mzere wapakati, umene sitiuona koma umagawa thupi pawiri kuyambira pamphuno mpaka pamchombo. Kapu ikakhala kutali chakumanzere, ngakhale munthu wamanja nthawi zambiri amaitola ndi lamanzere, chifukwa kudutsa mzerewo kumapotokola chiuno ndi kusuntha kulemera kwa thupi. Kwathu kuno mwambo umalimbana ndi zimenezi: mwana amaphunzitsidwa kulandira ndi manja awiri kapena ndi lamanja, ngakhale zifune kuti atembenuke thupi lonse.

Umboni umene umandigwira mtima kwambiri ndi wa makanda. Daniela Corbetta anaonetsa mu 2002 kuti khanda limene linazolowera kutola ndi dzanja limodzi limabwereranso ku manja awiri likayamba dededede, mikono ili m'mwamba poopa kugwa. Miyendo ikalimba, dzanja limodzi limayambiranso kutsogola.