Mmene Makolo Athu Anaphunzirira Kuliza Nyanga

Ife a ku Chingodzi timakhala tsidya lino la Zambezi, pafupi ndi bwalo la ndege, pa njira yopita ku Moatize. Pano tasakanikirana Anyungwe, Acewa, Asena ndi ena obwera kudzafuna nchito. Aliyense anabwera ndi nyimbo za kwao. Koma pali gule mmodzi amene dziko la Tete limadziwika naye kutali. Dzina lake ndi nyanga. Lero tiwerenga mbiri yake, ndiponso mmene anthu anali kumuphunzirira.

Nyanga ndi ciani?

Ngakhale dzina lake ndi nyanga, coimbira cimeneci sicicokera kumutu kwa nyama. Mmisiri amadula timabango kapena tinsungwi, nasiya mfundo kunsi kuti mpweya usatulukire. Kabango kakatali kamalira mau aakulu, kakafupi kamalira mau aang'ono. Akatero amamanga timabango tiwiri, titatu kapena tinai pamodzi. Imeneyo ndiyo nyanga ya munthu mmodzi.

Munthu mmodziyo alibe nyimbo yonse. Ali ndi mau owerengeka okha. Mau ena ali kwa mnzake wa kumanja, ena ali kwa mnzake wa kumanzere. Pagulu lalikulu amuna amakwana makumi awiri kapena makumi atatu, aliyense ndi nyanga yake. Amayenda mozungulira bwalo atamanga masece kumwendo. Akazi amaimba ndi mau ao pamwamba pa kulira kwa mabango.

Nchito ya woliza nyanga ndi yambiri. Amauzira m'bango. Pakati pa kuuzira kumeneko amatulutsa mau ndi pakhosi pake. Ayeneranso kupeza popumira. Nthawi yomweyo mapazi ake akuponda, masece akulira. Akafulumira pang'ono, mau ake agwera pa mau a mnzake. Akacedwa pang'ono, pamakhala cibowo cimene aliyense pabwalo amacimva. Motero luso lalikulu la nyanga lili pa kudziwa mpata wako ndi kulowamo pa nthawi yake.

Sukulu yoyamba inali pa mtondo

Kale kunalibe nyumba yophunziriramo nyimbo. Mwana anayamba kumva kugunda kwa nyimbo ali kumbuyo kwa amai ake. Amai awiri kapena atatu akamasinja mu mtondo umodzi, misi yao siigundana. Wina akakweza munsi, wina amatsitsa. Aliyense amamenya pamene mnzake wasiya mpata. Mwana wobelekedwa amamva zonsezi ndi thupi lake asanadziwe kulankhula. Opalasa bwato pa Zambezi nawonso anali kugwetsa nkhafi zao pamodzi motsata nyimbo. Olima pa dima anali kugwetsa makasu motero.

Mnyamata akakula, anayamba kuima kunja kwa bwalo ndi kumvetsera. Kenaka anali kutsata kumbuyo kwa akulu, akuyesa kuponda monga iwo. Pambuyo pake wamkulu wina anali kumpatsa nyanga imodzi, naima pambali pake. Wamkulu aliza, mwana atsanzira. Akalakwa abwerezanso. Panalibe mau ambiri ofotokozera. Khutu ndi maso ndizo zinali buku.

Covuta cinali kuphatikiza pakamwa ndi mapazi. Munthu angathe kuliza bwino ali cikhalire, koma akangoima ndi kuponda, zonse zimabalalika. Izi zinafuna masiku ambiri ndi kudekha. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Wodziwa nyanga imodzi anapatsidwa ina, kenaka inanso. Mtsogoleri wa gulu anayenera kudziwa mbali zonse, kuti wina akasocera amubweze, ndiponso kuti nyanga ikasweka adule bango lina lolira cimodzimodzi.

Lamulo lomweli lili pa zoimbira zina. Pa valimba ya Asena, anthu atatu amakhala pa coimbira cimodzi, aliyense ndi mbali yake. Pa kalimba, cala cacikulu ca kumanzere cimagawana nchito ndi ca kumanja. Pa Gule Wamkulu wa Acewa a ku Angónia, Macanga ndi Chifunde, mpanje umagwira njira osasintha, pamene mbalule imalankhula ndi miyendo ya wovina. Woomba mbalule ali ndi ufulu woseweretsa manja cifukwa anzake agwira nyimbo molimba. Ophunzira ng'oma amayamba kunena ndi pakamwa mmene ng'oma imalirira, manja natsatira pambuyo.

Umboni wa kale

Zoimbira za m'cigwa ca Zambezi ndi zakale kwambiri. Wansembe wa Cipwitikizi, João dos Santos, anafika ku Sofala m'caka ca 1586. Pambuyo pake anakwera mtsinje mpaka ku Sena ndi ku Tete. M'buku lake la Ethiopia Oriental, losindikizidwa mu 1609, anafotokoza zoimbira ziwiri za dzina limodzi, ambira. Cimodzi cinali ca timatabwa toikidwa pamwamba pa zikho. Cina cinali ca tizitsulo tolizidwa ndi zikhadabo za zala zazikulu. Tikawerenga zimenezi timazindikira abale a valimba ndi kalimba. Papita zaka zoposa 400, ndipo nthawi yonseyi luso linali kucoka kwa mkulu kupita kwa mwana popanda pepala.

Nthawi ya cibalo ndi nkhondo

Kalimba munthu angathe kuiika m'thumba ndi kupita nayo kulikonse. Nyanga siitero. Imafuna mudzi wathunthu, anthu odziwana, okumana kawirikawiri. Cifukwa ca ici, ciliconse cobalalitsa mudzi cinali kuvulaza nyanga.

M'nthawi ya atsamunda amuna anagwidwa kupita ku cibalo. Ena anathawa msonkho ndi kulima thonje mokakamizidwa, napita ku mapulazi a ku Southern Rhodesia, dziko limene lero ndi Zimbabwe. Ena anapita ku migodi ya ku Joni, ena ku Nyasaland. Amuna asanu akacoka pagulu, mau asanu asowa m'nyimbo. Komanso lamulo la atsamunda linati munthu wakuda wofuna kuwerengedwa ngati mzika ayenera kusiya miyambo ya makolo ake. Lamulo limeneli linathetsedwa mu 1961, koma linasiya manyazi m'mitima ya ambiri amene anapita ku sukulu.

Mu 1968 FRELIMO inatsegulanso nkhondo ya ufulu m'cigawo ca Tete. Asilikali a Cipwitikizi anasamutsa anthu ambiri, nawaunjika m'midzi yolonderedwa, dzina lake aldeamento. Pa 16 Disembala 1972 anapha anthu mazana ku Wiriyamu ndi midzi yoyandikana nayo, kumwera kwa mzinda wa Tete. Limeneli ndi dziko la Anyungwe, kwao kwa nyanga.

Nyanga ilembedwa papepala

Nkhondo isanafike poipa cotero, ca m'ma 1970, kunabwera mlendo wocokera ku South Africa, Andrew Tracey. Bambo ake, Hugh Tracey, ndiwo anayambitsa mu 1954 nyumba yosungira nyimbo za mu Africa, dzina lake International Library of African Music. Andrew anakhala ndi gulu la Makina Chirenje m'mudzi wa Nsava, m'dera la Tete. Anamvetsera nyanga iliyonse payokha, nalemba pamene woliza amauzira ndi pamene amaimba. Analembanso maina a nyangazo, monga pakira, kabombo, siyarena ndi kwarira mvuu. Anapeza kuti nyimbo imazungulira pa kugunda kung'onokung'ono 24, kenaka iyambiranso. Zimenezi zinasindikizidwa mu 1971 m'magazini ya African Music.

Mu 1992 magazini yomweyo inasindikiza nkhani ya Moya Aliya Malamusi, katswiri wa nyimbo wa ku Malawi. Iye analemba za gulu la Sakha Bulaundi, limene linali kuliza gule yemweyu ku Malawi. Kumeneko, monganso kumpoto cakum'mawa kwa Zimbabwe, gule ameneyu amadziwikanso ndi dzina la ngororombe.

Apa tikuona phindu la kulemba. Maina a nyanga za ku Nsava sanataike. Andrew Tracey anaphunzitsa nyanga kwa ophunzira ake ku South Africa, kutali ndi Zambezi. Iye anamwalira mu 2024, koma zolemba zake zilipo. Tionenso kuti nzeru inali ya Chirenje ndi anzake, pamene cholembera cinali m'manja mwa mlendo. Amene aphunzira kulemba lero angathe kulemba okha nzeru za kwao.

Dziko litalandira ufulu

Mozambique inalandira ufulu pa 25 Juni 1975. Boma latsopano linati magule a makolo si cinthu ca manyazi. Mu 1978 kunacitika cikondwerero coyamba ca magule a dziko lonse. Magulu anapikisana kuyambira kumidzi, m'maboma ndi m'zigawo, mpaka ku Maputo. M'caka comweco inayambanso nchito yaikulu yophunzitsa akulu kuwerenga ndi kulemba. Komabe si magule onse analandiridwa bwino. Nyau zinaonedwa ndi akuluakulu ena ngati zobweza anthu m'mbuyo.

Kenaka inadza nkhondo ya pacibale, pakati pa boma ndi RENAMO. Cigawo ca Tete cinavutika kwambiri. Anthu oposa miliyoni imodzi a ku Mozambique anathawira ku Malawi, ambiri mwa iwo ocokera kuno. Ena anathawira ku Zimbabwe ndi ku Zambia. Ena anadzaunjikana mumzinda wa Tete. Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Ana ambiri amene anakula m'zaka zimenezo sanaime kunja kwa bwalo la mudzi wao kuti amvetsere, monga anacitira makolo ao.

Mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza kuti Gule Wamkulu wa ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, pamodzi ndi timbila ya Acopi a ku Zavala, ndi cuma ca anthu onse a pa dziko lapansi. Gule amene ananyozedwa kale analemekezedwa. Ulemu wotere ndi wabwino, koma suphunzitsa mwana kuponda. Wophunzitsa ndi munthu woima pambali pake.

Tiyese m'kalasi

Tengani njere za cimanga 24, muziyale pansi pa mzere umodzi. Zigaweni zitatuzitatu. Mupeza magulu 8. Zigaweninso zinaizinai. Mupeza magulu 6. Njere ndi zomwezo, koma kagawidwe ndi kosiyana.

Tsopano mmodzi awerenge mokweza kuyambira 1 mpaka 24, mosathamanga. Theka la kalasi liombe m'manja pa 1, 4, 7, 10, ndi kupitiriza motero. Theka lina liombe pa 1, 5, 9, 13, ndi kupitiriza. Muona kuti magulu awiriwa akumana pa 1 ndi pa 13, nasiyana pena ponse. Poyamba gulu lina lidzakokedwa ndi linzake. Musagwe mphwayi. Gwirani njira yanu, koma musatseke makutu kwa anzanu. Mukakhoza, munthu mmodzi ayese yekha: phazi pa zitatu, manja pa zinai. Nyimbo zathu zambiri zimayenda cotero, thupi limodzi likusunga mawerengedwe awiri. Agogo athu amene sanagwirepo cholembera anali kucita masamu amenewa madzulo aliwonse.

Udindo wathu

Ku Chingodzi moyo ndi wa m'tauni. Wina ali ku msika, wina ku migodi ya malasha ku Moatize, wina amabwera usiku. Kusonkhanitsa anthu makumi awiri pa nthawi imodzi si capafupi. Nyimbo za pa wailesi ndi pa foni munthu amamvera ali yekha. Nyanga siingakhale ndi moyo motero, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Koma m'kalasi lino timakumana kale masiku oikika. Pakati pathu, kapena kwa anansi athu, pali akulu amene analiza nyanga, anaomba ng'oma, kapena anaimba valimba kumudzi kwao. Tiwafunse maina a nyanga zimene anazidziwa, ndi maina a amene anawaphunzitsa. Tilembe m'makope athu. Tipite nao ana kuti akamve ndi makutu ao. Mkulu wodziwa mbali zonse akamwalira asanaphunzitse munthu, nyimbo ya anthu makumi atatu imapita naye kumanda.

Mafunso

1. Cifukwa ciani munthu mmodzi sangathe kuliza nyimbo ya nyanga yekha?
2. Mwana anaphunzira ciani kwa amai osinja mu mtondo?
3. Nenani zinthu zitatu zimene zinabalalitsa magulu a nyanga.
4. Kodi njere 24 zipanga magulu angati mukazigawa zitatuzitatu? Nanga zinaizinai?
5. Lembani dzina la gule wa kwanu ndi maina a zoimbira zake.