Wojambulitsa ndi Wojambulidwa: Mawu a Ntchito ya Kamera pa Mbayani

Ophunzira utolankhani akafunsidwa kuti street photography n'chiyani m'Chichewa, ambiri amalemba kuti "kujambula zithunzi mumsewu". Mphunzitsi amasowa chochita, poti yankholi silolakwa kwenikweni, koma silifika pomwe nkhani ili. Mukafunsa mayi wogulitsa tomato pamsika wa Mbayani kuti wojambula wa mumsewu ndani, adzakuuzani za munthu amene ophunzirawo sakumuganizira n'komwe: bambo uja wa kamera pakhosi ndi chikwama cha zithunzi m'khwapa, amene ankazungulira makomo Loweruka ndi Lamulungu, yemwe ambiri tinkangomutchula kuti kameramani.

Ntchito ya kameramani inali ndi mwambo wake. Akafika, munthu ankayamba wasamba ndi kudzola, mwina n'kubwereka jekete kwa mnzake wa nyumba yoyandikana. Kenako ankasankha poima: pafupi ndi maluwa, pakhomo la nyumba yamalata, kapena atatsamira galimoto ya eni ake. Ena ankanyamula wailesi kuti abale akumudzi aone kuti m'tauni zikuyenda. Ndalama inkaperekedwa theka, yotsala pobwera chithunzi. Ndiye kudikira, chifukwa filimu ya zithunzi 36 inkayenera kudzaza kaye asanapite nayo m'tauni kukatsukitsa. Mukamufunsa, yankho linali lodziwika: "Filimu sinathe." Tsoka likagwa, ankabwera ndi uthenga woti zithunzi zapsa.

Munthu woima pamaluwa uja sitinkanena kuti akujambulidwa. Tinkati akujambulitsa. Ana asukulu amaphunzira kuti uku ndi kusiyana kwa msintho wochititsa ndi msintho wochitidwa, koma pantchito ya kamera nkhaniyi ikupitirira galamala. Wojambulitsa ndiye bwana: waitana yekha, walipira, wasankha zovala ndi kaimidwe, ndipo chithunzi chikabwera chimakakhala mu alubamu yake. Wojambulidwa amangopezeka. Sadziwa kuti kamera yamuloza, sasankha nkhope yoti aonetse, ndipo chithunzicho mwina sadzachiona. Luso lamakono lomwe tikulifunira dzinali lagona pa wojambulidwa. Choncho dzina lililonse lomwe lisokoneza anthu awiriwa latayiratu mfundo.

Vuto loyamba pa yankho la ophunzira lija ndi mneni woti kujambula. Mawuwa tawasenzetsa katundu wambiri. Mwana wa sitandade 1 amajambula nyumba ndi pensulo, oimba amajambula nyimbo ku situdiyo, a wailesi amajambula pologalamu, ndipo wodwala chifuwa amakajambulidwa kuchipatala cha Gulupu. Mneni wogwira ntchito zonsezi sangatiuze ngati kamera yaitanidwa kapena yangobwera.

Vuto lachiwiri ndi msewu. Pa Mbayani, msewu ndi wa tala uja wochokera m'tauni, wodutsa pa Chemusa ndi Chirimba kukafika pa Kameza. Koma amene akufuna kuona moyo wa anthu sakhalitsa pamenepo. Amalowa m'tinjira tokwera ndi totsika pakati pa nyumba, pomwe mzere wa zigubu wadikira madzi pakiyosiki, pachigayo, pasiteji ya akabaza, pabawo, pamalo okazinga chiwaya. Palibe mwa malo amenewa omwe Mchewa angawatche msewu. Eni lusoli akamatchula msewu m'chilankhulo chawo amatanthauza malo alionse a pagulu, pomwe anthu osadziwana amakumana. Ife tili nawo kale mawu oti pagulu ndi poyera. Kukakamira msewu n'kumasulira chikopa cha mawu, nyama yake n'kuisiya.

Nawonso eni lusoli sanagwirizane dzina tsiku limodzi. Buku la Henri Cartier-Bresson la mu 1952, lomwe ambiri amaliyesa maziko a lusoli, linatuluka ndi mitu iwiri. Wa Chingerezi, The Decisive Moment, umanena za kamphindi kamene zonse zimagwirizana pamaso pa kamera. Wa Chifalansa, Images à la Sauvette, uli ndi mawu omwe Afalansa amanenera mavenda ogulitsa malonda mozemba, diso lili kwa apolisi. Aliyense amene anaonapo mavenda a mu Blantyre akukunga katundu n'kuthawa amva msanga tanthauzo lake. Wojambula wotere amachita zake mwachangu, asanamuone.

Kodi ndiye tinene kuti "kujambula mozemba" kapena "kujambula mobera"? Mawuwa ndi oona, ndipo nthawi zina kuzembako kumakhala koyenera. Ernest Cole wa ku South Africa ankabisa kamera kuti ajambule moyo wa anthu akuda m'migodi ndi m'masitima panthawi ya tsankho, ndipo buku lake la mu 1967, House of Bondage, boma la kumeneko linaliletsa. Ricardo Rangel wa ku Mozambique anajambula moyo wa usiku wa mu Rua Araújo, mumzinda womwe lero ndi Maputo, nthawi ya atsamunda a Chipwitikizi. Koma awa ankazemba boma lankhanza. Mnyamata wa kamera yodula amene akuzemba mayi wochapa pamtsinje sakufanana ndi Cole. Komanso palibe angadzitchule kuti ndi wojambula wobera n'kuyembekeza kulandiridwa bwino pa Mbayani, pomwe funso loyamba kwa mlendo wa kamera limakhala lakuti, "Mukufuna mukatigulitse kuti?"

Ine ndimakonda mawu oti kutola zithunzi. Si opeka, anthu amawanena kale, ndipo ali ndi m'bale wawo amene anakhazikika bwino, mtolankhani. Mtolankhani sapanga nkhani, amaipeza itachitika. Wotola zithunzi nayenso saimika munthu, sakonza kolala, sanena kuti "mwetulirani". Amayenda, amadikira, ndipo zikakumana amatola. Titati tigawane ntchito, kujambula kungatsale ku situdiyo, ku ukwati ndi kuchinkhoswe, komwe kuli wojambulitsa, pomwe kutola zithunzi pagulu kungakhale dzina la luso tikukambali.

Mawuwa ali ndi chilema chawo, ndipo sitiyenera kuchibisa. Timatola chinthu chomwe chagwa, chooneka ngati chilibe mwini. Nkhope ya munthu ili ndi mwini. Apa m'pamene mawu oti "chithunzi changa" amayambanitsa anthu. Wa kamera akatero amatanthauza chomwe watola iye, ndipo lamulo la umwini wa zaluso la mu 2016, lomwe bungwe la COSOMA limayang'anira, linapangidwa kuti liteteze amisiri ngati iyeyo. Mayi wa tomato akati "chithunzi changa" amatanthauza chomwe muli iye, ndipo naye ali ndi pogwira: gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu. Nthawi ya kameramani mkangano uwu kunalibe, chifukwa wolipira ndi wooneka pachithunzi anali munthu mmodzi. Lero chithunzi chotoledwa m'mawa pamsika chimakhala chitafika pa Facebook ndi WhatsApp dzuwa lisanapendeke. Choncho chilema cha mneniyu chili ndi phindu lake: wotola aliyense amadziwa kuti mwini akatulukira pamafunika kukambirana.

Pa mayina a zipangizo sindiona chifukwa cholimbana. Kamera, filimu, lenzi, fulashi, situdiyo ndi selefi ndi mawu a Chichewa tsopano, monga momwe alili sukulu ndi buku. Amene amalemba "makina ojambulira zithunzi" pofuna kuthawa kamera amangotalikitsa chiganizo, ndipo akafika pa lenzi amagonja. Koma taonani zomwe anthu anachita ndi aneni. Palibe komiti yomwe inakhala pansi kupeka "kutsuka zithunzi". Anthu anamva kuti filimu imaviikidwa m'mankhwala ndi m'madzi, n'kutchula zomwe zimachitikazo. Mawuwa analimba moti mpaka pano munthu amatenga foni kupita nayo kukatsukitsa zithunzi, ngakhale m'fonimo mulibe filimu yoti itsukidwe. Mfundo yanga ndi yomweyi: dzina la chipangizo tibwereke, koma mneni akhale wathu, chifukwa ndi mneni amene amanena kuti wachita ndani, wachitiridwa ndani, walola ndani.

Nanga ntchito yosanja mawu otere ndi ya yani? Chichewa chinakhala chilankhulo cha fuko mu 1968, ndipo mu 1972 kunakhazikitsidwa Chichewa Board, yomwe inkalamula kalembedwe ndi kudzudzula olankhula molakwitsa. Bungweli litatha, mu 1996 kunabwera Centre for Language Studies ya Yunivesite ya Malawi ku Zomba, yomwe inatipatsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Chaka chomwecho cha 1996 boma linalengeza kuti ana a sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'zilankhulo zawo, koma lamulo la maphunziro la mu 2013 linaika Chingerezi kukhala chophunzitsira. Zotsatira zake zikuoneka pantchito ya kamera. Wachinyamata amaphunzira zonse za kuwala, mthunzi ndi ufulu wa wojambulidwa m'Chingerezi, kenako amakaima pamaso pa gogo wa pa Mbayani alibe mawu opemphera chilolezo. Akatulutsa fomu yomasuliridwa liwu ndi liwu, gogoyo amadinda chala asanamve kuti nkhope yake ikupita kuti.

Sindikulakalaka kubwerera kwa bungwe lokhala ndi chikwapu. Mawu olamulidwa kuchokera kumwamba amafera mu ofesi momwe anabadwira. Chofunika n'chakuti akatswiri a ku Zomba, bungwe la ojambula la PHOTAMA ndi sukulu zophunzitsa utolankhani apite kwa makameramani akale omwe akadali moyo ku Ndirande, Bangwe, Zingwangwa ndi Mbayani, akalembe mawu omwe ankagwiritsa ntchito pokambirana ndi makasitomala awo. Anthu amenewa anatha zaka akunyengerera amanyazi, kutonthoza ana oopa fulashi ndi kupepesa zithunzi zikapsa, zonsezo m'Chichewa. Pomwe mawu awo aperewera, m'pamene tingapeke atsopano.

Muyeso wa mawu aliwonse omwe tingagwirizane ukhale umodzi: kodi wa kamera angawanene pamaso pa munthu amene wamuloza? "Mayi, ndachita street photography" sizimveka. "Mayi, ndakujambulani mobera" ndi chiyambi cha ndewu. Koma "Mayi, ndakutolani chithunzi mukugulitsa, tachionani, mundilola ndichisunge?" ndi chiganizo chomwe mayiyo angachimve, n'kuvomera kapena kukana. Akakana, chifufutidwe iye akuona.